Gudumu la Dongo ku Feira ndi Mbale ya Filipa

1976

Za ubwana wanga ku Katete munazimva kambirimbiri, ndipo amalume anu amazikamba bwino kuposa ine chifukwa amathirako mchere. Pano ndikufuna mudziwe kumene ndinayambira ntchito, kuti mukamadandaula kuti muofesi mwanu fani yafa muzikumbukira kuti mayi wanu anachokera kutali. Titamaliza kosi ya zachitukuko cha amayi, anzanga onse anathamangira kupempha malo a m'mbali mwa njanji. Ine ndi kamwa langali ndinauza amene ankatigawa kuti anditumize kulikonse kumene kuli ntchito. Walira mvula walira matope. Ananditumiza ku Feira, kumene inu masiku ano mumati ku Luangwa, ndipo ndinakafika nditakhala pamwamba pa matumba a ufa mu lole, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

Kutentha kwa kumeneko musakuyerekeze ndi kwina kulikonse. Sopo ankafewa yekha pawindo, ndikunena masiku amene sopo ankapezeka. Ukaima pa boma pomwe Luangwa amathira mu Zambezi, umaona Mozambiki kutsidya lina, Rodeshiya kutsidya lina, ndipo nkhondo ya ku Rodeshiyako sinali yathu koma inkadyera kwathu. Asilikali anali paliponse. Kumtsinje sunkapita mwachisawawa, mumsewu munkakwiriridwa mabomba, ndipo madalaivala ankakana kubwera pokhapokha atawakakamiza.

Bwana wanga anali Bambo Sikombe, munthu wovala tayi ngakhale mu Okutobala. Sanali woipa mtima, koma anali ndi nthenda imodzi: mfuti zikangolira kutsidya, m'mawa mwake ankakumbukira kuti ku likulu kuli msonkhano. Ankabwerako patapita milungu atanyamula mapulani atsopano, ine wotsala ndiye wowagwira. Ntchito yanga inali makalabu a amayi, kusoka, kuluka ndi kuphika. Ulusi kunalibe, saladi wophikira ndiwo kunalibe, shuga tinkangomumvera mbiri. Ndinaphunzitsapo kuphika makeke ndi pakamwa pokha, amayi nkumavomera ndi mutu mwaulemu ngati ali m'tchalitchi. Ankanditchula kuti Madamu a Kalabu, ndipo ndikuganiza kuti ankandimvera chisoni.

1978, mvula itatha

Chaka chimenecho ndege zankhondo za ku Rodeshiya zinafika kumidzi ya m'mbali mwa mtsinje cha ku Kavalamanja, anthu nathawa ndi zovala za m'thupi zokha. Ambiri anadzamanga misasa pafupi ndi boma, ena m'mbali mwa msewu wopita ku Katondwe. Munthu wothawa sasenza mtsuko. Amayi ankatunga madzi m'zitini za mafuta a galimoto, mabanja atatu nkumalandizana poto mmodzi. Ndinalemba kupempha ndowa ndi mapoto. Patapita miyezi Bambo Sikombe anabwera ku likulu akumwetulira, nandiuza kuti pempho langa lamveka, ndipo akuluakulu aganiza zoposa pamenepo. M'malo mopatsa amayi ndowa, tiwaphunzitsa kuumba ziwiya pa gudumu ngati mmene amachitira kumaiko otukuka. Ndinapempha ndowa, ananditumizira sukulu.

Ndinawakumbutsa kuti amayi a kumtsinje amaumba kale ndi manja, chimene akusowa ndi dongo, popeza mtapo wawo uli m'gombe limene asilikali anatseka. Iwo anati zimenezo ndi zing'onozing'ono, ndizione ndekha. Amayi khumi ndi awiri, gudumu limodzi, mphunzitsi abwera posachedwa kuchokera ku Lusaka, ndipo potseka maphunziro kudzabwera alendo akuluakulu kudzaona ziwiya zowotcha kale zitayalidwa patebulo. Anandisiyira pepala la zokonzekera, nakwera galimoto.

Bokosi la gudumu linafika litatsegulidwa pa geti iliyonse ya asilikali, misomali ili yopindikapindika. Munali matabwa, chitsulo chachitali, mbale yachitsulo yoikapo dongo, ndi kampando. Chigudumu cholemera cha pansi, chimene woumba amachikankha ndi phazi kuti zonse zizizungulira, munalibe. Pepala linati chimenecho muumbe nokha ndi simenti. Simenti ku Feira chaka chimenecho! Thumba lililonse linkapita kumaenje a asilikali. Ndinayenda ofesi ndi ofesi mpaka nsapato zinatha zidendene. Pomaliza makanika wa pa boma anandipatsa limu, chitsulo cha mkati mwa tayala, la lole imene inaponda bomba, ndipo mkazi wa sajeni wina, amene ndinamuphunzitsa kuluka juzi la mwana, anakanyengerera mwamuna wake kuti atigawireko simenti ya m'ndowa. Tinathira miyala ndi simentiyo m'limu muja. Gudumu linazungulira, koma linkalira ngati mbuzi yomangidwa. Amayi atabwera kudzaliona analitcha njinga yosapita kulikonse.

Dongo ndinakalipeza kudambo lina kumtunda, kupitirira Katondwe, ndipo linabwera pa ngolo ya ng'ombe. Linali dongo lamwano, lodzaza timiyala ndi mizu. Pepala linkafuna dongo losalala, choncho tinaliviika m'migolo, nkulisefa. Sefa nayenso kunalibe. Ndinazula waya wa udzudzu pawindo la nyumba yanga, ndipo malungo amene ndinadwala chaka chimenecho ndimawawerengera pa gudumu lomwelo.

Kenako zovala. Pepala linati ophunzira awenge zikhadabo, avule zibangili ndi mphete, amange tsitsi, ndipo avale buluku chifukwa pa gudumu munthu amakhala atatangadza miyendo. Zikhadabo sizinavute, amayi olima alibe zikhadabo zoti nkuwenga. Koma nditatchula buluku, ndi kuti mphunzitsi ndi mwamuna, msonkhano unathera pomwepo. Mtsogoleri wawo anali Mai Dominga, mayi wamtali wa mawu okhuthala, amene ankaumba mitsuko kwawo asanathawe. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandifunsa ngati amayi anga ondibala ali moyo, ndiponso ngati akudziwa ntchito imene ndikugwira kuno. Mawa lake kunabwera amuna awo kudzafunsa zomwezo, koma mokweza. Zinanditengera milungu. Tinamvana kuti buluku avala mkati, chitenje pamwamba, ndipo ndinamanga kampanda ka mphasa kuzungulira gudumu, kofika m'chiuno, kuti mphunzitsi aziona manja okha. Nditamaliza kumanga kampandako ndinakhala pansi nkudzifunsa ngati ndi zimenezi ndinapitira kukosi.

1978, nyengo yozizira

Mwa amayi khumi ndi awiri aja munali Filipa. Anali wamng'ono kwa ine, wosalankhulalankhula, ndi kamwana kakakazi kumbuyo dzina lake Rozina. Mwamuna wake Zuze anali msodzi. Tsiku lina, anthu asanathawe, analowa pamadzi kukaonjola maukonde, ndipo sanabwerere. Bwato linapezeka kumunsi lili lopanda munthu. Ena ankati anawomberedwa, ena ankati anagwidwa nkupita naye kutsidya, poti zoterozo zinkachitika ndipo ena ankabwerako. Mtembo panalibe, maliro sanalire. Filipa sanali wamasiye, sanalinso wapabanja, ndipo anthu sankadziwa pomuika.

Tsiku loyamba kukanda dongo, Filipa atangopinda chitenje kuti agwire, amayi onse anachotsa manja m'mgolo. Mai Dominga anandifotokozera ngati akufotokozera mwana. Ngati Zuze anafa, ndiye kuti Filipa ali ndi imfa m'thupi, popeza sanasambitsidwe monga mwa mwambo. Munthu wotero akagwira dongo, ziwiya zonse za dongo limenelo zimang'aluka pamoto. Njira inalipo, anatero. Avomere kuti mwamuna wake anafa, amusambitse, ndipo mkulu wake wa Zuze, amene ankakhala cha ku Mburuma, amulowe chokolo. Mlamu wakeyo anali atabwera kale kawiri kudzamutenga. Anali ndi akazi awiri, ndipo ankafuna wachitatu woti azimulimira.

Filipa anakana. Anati mwamuna wake ali moyo, ndipo sangasambe imfa ya munthu amene akudya nsima kwinakwake. Bambo Sikombe nditawauza, anati nkhani yake ndi yapafupi, ndimuchotse ndiikepo wina, sitingataye amayi khumi ndi mmodzi chifukwa cha mmodzi. Ndinawauza kuti amene ali m'kalabu ya boma mlamu sangamunyamule ngati thumba, koma ndikamuchotsa, mawa lomwe adzakhala ali pa msewu wa ku Mburuma. Iwo anati ofesi yathu si khoti. Ine ndinati ndamva, koma sindinamuchotse. Ndinamupatsa mgolo wakewake, ankakanda dongo lake payekha pansi pa mtengo wa msawu, anzake ali uko. Ndinkapita kwa Mai Dominga pafupifupi tsiku lililonse. Ndinawauza kuti dongoli lagwiridwa kale ndi woyendetsa ngolo, ndi makanika, ndi asilikali amene ankalibaya ndi mipeni ya kumfuti pofuna zida, nanga onsewo tikudziwa zimene ali nazo m'thupi? Anangoti zimenezo ndi za amuna, sizikuwakhudza.

Ndiye tsiku lina anabwera okha kunyumba kwanga nkunena kuti nkhani yatha, Filipa aphunzire nawo. Ndinasangalala mpaka ndinawaphikira tiyi wa masamba amene ndinkasungira alendo. Ndinkayesa kuti pakamwa panga pagwira ntchito. Patapita masiku ndi pamene mkazi wa sajeni uja anandiuza zimene msasa wonse unkadziwa kupatula ine. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri, a kwa Filipa ndi a kwa Zuze, anakhala pansi namvana kuti moto ndiwo uweruze. Chiwiya choyamba chimene Filipa aumbe chilowe pamoto pamodzi ndi za anzake. Chikatuluka chamoyo, ndiye kuti Zuze ali moyo, mlamu asiye kuvuta. Chikang'aluka, Zuze anafa, ndipo Filipa asambe nkupita ku Mburuma. Mai Dominga ndiwo ananenetsa pamaso pa onse kuti choyamba chokhacho, osati chachiwiri, kuti wina asadzati tiyesenso.

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinapita kwa Filipa kuti ndimuuze akane zamisalazo, koma ndinapeza kuti mwini wakeyo ndiye anali woyamba kuvomera. Ankakanda dongo lake akuimba chapansipansi.

"Madamu, musaope," anandiuza. "Mwamuna wangu adafa lini, ali moyo. Moto uniwauza okha."

Ndinamufunsa kuti nanga chiwiyacho chikang'aluka chifukwa cha kamwala kamodzi kamene kadutsa pasefa? Anandiyankha kuti kamwalako kadzakhala katatumidwa. Munthu wotere ungamuuze chiyani? Chimene ndinatha kuchita ndi kumukandiritsa dongo lija mobwerezabwereza mpaka linasalala ngati phala la mwana. Ndinkamuyang'anira ngati kapitawo wa pamsewu, iye nkumaseka kuti Madamu a Kalabu alibe chikhulupiriro.

1978, Okutobala

Mphunzitsi amene ankabwera posachedwa uja anafika patapita miyezi inayi. Dzina lake anali a Kapembwa, kamunthu kochepa thupi kamene kanatsika mu lole kakunjenjemera, chifukwa anadutsa pamalo pamene galimoto ina inali itangophulika. Tsiku la alendo linali litakhazikitsidwa kale ndipo silikanasuntha. Maphunziro a milungu iwiri anasanduka a masiku ochepa. Bambo Sikombe anawerengera okha kuti ziwiya zokha zimene zingaume nkuwotchedwa alendo asanafike ndi za tsiku loyamba, mayi aliyense chimodzi. Analamula kuti chilichonse chochoka pa gudumu tsiku limenelo chisungidwe, ngakhale chikhale chopindika.

Madzulo ake a Kapembwa anayendera zimene ndinakonza. Kampanda ka mphasa anakadandaula kuti sadzaona phazi la wophunzira, ine ndinati phazilo alisiye kwa eni ake. Gudumu analizungulitsa, likulira, iwo nkugwira kumutu. Atafika pa dongo analifinya, nalipinda pachala, dongo lija nkuthetheka. Ndinawafunsa mosazungulira ngati ziwiya za mawa zipulumuke pamoto.

"Ba Madamu, nizakuuzani chabe zoona," anatero m'chinyanja chawo cha m'tauni. "Munthu oyamba amasiya pansi ponenepa maningi, pamwamba popyapyala. Manje na dothi iyi, na kuumika mofulumira so, zambiri zizang'ambika. Olo ya ine ingang'ambike."

Anawonjezera kuti kumene iwo anaphunzira, chiwiya choyamba sichiona moto nkomwe. Chikangotha, chidakali chonyowa pa gudumu, mphunzitsi amachidula pakati ndi waya kuti wophunzira aone ndi maso ake pamene panenepa ndi pamene papyapyala, kenako dongolo limabwerera m'mgolo. Ndinawafunsa chifukwa chake sitichita chimodzimodzi. Anati bwana wawaletsa, ndipo iwo ali ndi ana ku Lusaka, sabwera kuno kudzataya ntchito. Ndinawafotokozera za Filipa. Anamvetsera, nagwedeza mutu, nati nzachisoni, koma iwo wayawo saugwira.

Ndinaganiza kwambiri. Ndikadula, alendo adzapeza tebulo lopanda kanthu, Bambo Sikombe adzachita manyazi pamaso pa akuluakulu awo, ndipo manyazi a bwana amagwera wantchito. Nthawi imeneyo ndinali ndisanatsimikizidwe pantchito, ndipo agogo anu ku Katete ankadalira ine. Ndikapanda kudula, moyo wa mtsikana uja ndi mwana wake ukhala m'manja mwa dongo limene ndinakatenga ndekha kudambo, lodziwika kale kuti ndi loipa. Kudula mbale ya Filipa yokha sikukanatheka, msasa wonse ukanati ndabera mlandu. Zinayenera kudulidwa zonse, kuyambira ya woyamba.

M'mawa amayi anabwera atavala mabuluku a amuna awo mkati mwa zitenje, akuyenda motangadza ngati abakha ndi kusekana. Filipa anavala buluku la Zuze limene anathawa nalo, atalipinda miyendo ndi kulimanga ndi luzi m'chiuno. Kunja kwa shedi imene munali gudumu kunadzaza anthu, ndipo mlamu uja anali pomwepo atakhala panjinga yake. Bambo Sikombe analankhula mawu otsegulira nabwerera kuofesi kukakonza za alendo. A Kapembwa anaonetsa kachitidwe kake, dongo likukwera m'manja mwawo ngati lamoyo, mpaka amayi anasiya kuseka.

Woyamba kukhala pa gudumu anali Mai Dominga. Dongo linawathawa kawiri, kachitatu linawamenya pachifuwa, ndipo anatukwana mawu amene sindingalembe m'buku la ana anga. Koma manja awo ankadziwa dongo, ndipo pomaliza panaima kambale kooneka bwino. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinali nditatenga kale waya wa a Kapembwa patebulo. Ndinalowa m'kampanda muja, ndinapisa waya pansi pa mbale, nkukoka chokweza. Mbale inagawika pawiri. Ndinanena mokweza kuti onse amve, kuti ili ndi lamulo la gudumu, chiwiya choyamba cha munthu aliyense chimadulidwa kuti aone mkati mwake, ndipo palibe choyamba chimene chidzalowe pamoto.

Ndinkayembekeza kumenyedwa khofi. Mai Dominga anayang'ana mbale yawo, anayang'ana ine, kenako anatembenukira kwa a Kapembwa nawafunsa ngati zili zoona. Bambo aja, Mulungu awadalitse kumene ali, anati inde, ndi mmene amachitira kulikonse. Anafika pafupi nayamba kuwaonetsa kunenepa kwa pansi pa mbale. Mai Dominga sanali opusa. Anadziwa chimene ndachita ndi chifukwa chake. Anatola zidutswa zawo naziponya m'mgolo.

"Mwana wa ku Katete iwe," anatero, "uli na mutu wouma."

Ndinadula yachiwiri, yachitatu, mpaka dzuwa linapendeka. Filipa anali wachisanu ndi chinayi. Anakhala pa gudumu osandiyang'ana. Dongo lake lija, lokandidwa miyezi yonse ija, linamumvera kuposa la wina aliyense, ndipo anaumba mbale yaing'ono yozungulira bwino, yoti munthu nkudyeramo ndiwo. Gudumu litaima anaiphimba ndi manja ake onse awiri. Anandipempha chapansipansi kuti yake yokha ndiisiye, akudziwa kuti ipsa bwino, akufuna anthu aone. Ndinamuuza kuti achotse manja. Anandipemphanso, misozi ili m'maso. Ndinamugwira dzanja nkulichotsa ndekha, ndipo ndinadula.

Mkati mwake, a Kapembwa anandiuza pambuyo pake, munali mosalala bwino, mwina ikanapulumuka. Mwinanso ayi. Zimenezo palibe amene adzazidziwe, ndipo ndicho ndinkafuna. Koma musaganize kuti Filipa anandithokoza. Anaimirira, natola zidutswa zake ziwiri, nakana kuziponya m'mgolo.

"Mwanditsekera pakamwa pa mwamuna wangu," anatero. "Akadayankha."

Anazikulunga m'chitenje natuluka. Mlamu uja anachita phokoso panja kuti boma lalowerera nkhani ya banja, ndipo anafuna kuti chiwiya chachiwiri chiyesedwe. Amene anamuyankha si ine. Mai Dominga anatuluka ndi matope awo pachifuwa namukumbutsa kuti anamvana choyamba chokha, iye ali pomwepo, ndipo iwo sabweza mawu chifukwa cha munthu wofuna wolima. Anakwera njinga yake akuwopseza kuti abweranso. Anabweradi kangapo, koma analibenso poimira.

Alendo anafika tsiku lawo. Patebulo panali nsalu yoyera, ndi ziwiya zosawotcha za masiku otsatira, zina zidakali zonyowa. Mkulu wa alendowo anatola imodzi, chala chake nkulowa. Bambo Sikombe anatuluka thukuta mpaka tayi inasintha mtundu. Alendo atapita anandiitanira muofesi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akukuwa. Anati ndine wosamvera, wowononga katundu wa boma, ndipo ndaika nkhani za m'midzi patsogolo pa chitukuko. Ndinawayankha kuti ine ndinapempha ndowa. Anandilembera lipoti loipa, kutsimikizidwa kwanga kunachedwa zaka ziwiri, ndipo anzanga a kukosi anandipitirira onse. Chaka chotsatira anandisamutsira ku Chama, kumene ankatumiza anthu oti akaganize bwino.

Ndisanachoke tinawotcha ziwiya zambiri. A Kapembwa sananame. Zinang'aluka za aliyense, za Mai Dominga zomwe, mpaka tinaphunzira kusakaniza dongo lija ndi mapale osinja ndi kuumika pamthunzi mosathamanga. Pofika nthawi imeneyo mgolo wa pansi pa msawu unali utaiwalika, onse ankakanda pamodzi, ndipo panalibe amene akanaloza kuti mng'alu uwu ndi wa uje. Filipa ankabwera tsiku lililonse, ankagwira ntchito kuposa onse, koma kwa ine ankangopereka moni basi. Tsiku limene ndinakwera lole amayi anandiperekeza ndi nyimbo. Iye sanabwere. Zinandiwawa, ndipo ndinapita ku Chama ndili wokwiya naye.

1991

Ku Feira ndinabwererako kamodzi kokha, pa ulendo wa ntchito, iwe Tamara uli kupulaimale. Nkhondo ya ku Rodeshiya inali itatha kalekale, mabwato akuwoloka mmene afunira. Ena amene anagwidwa nthawi ija anabwerera kwawo malire atatseguka. Zuze sanabwere, ndipo palibe anabwera ndi mbiri ya manda ake. Bambo Sikombe ndinamva kuti anakwezedwa. Mai Dominga anali atamwalira. Gudumu ndinalipeza kuseri kwa nyumba ina pafupi ndi msika, kampanda ka mphasa kulibe, likulirabe ngati mbuzi, ndipo amene ankalikankha anali mtsikana wovala buluku poyera. Anali Rozina.

Filipa anatuluka m'nyumba, imvi zitayamba. Sanapite ku Mburuma, sanakwatiwenso. Ankagulitsa mbale ndi mitsuko kwa asodzi ndi kwa anthu a kutsidya. Anandizindikira msanga, nandikhazika pampando, nandipatsa madzi a mumtsuko wake, ozizira bwino. Tinakamba za mitengo ya zinthu, za ana, za njovu zimene zinkawathera minda. Za tsiku lija sanazitchule, ndipo ine ndinati ndisaziyambe. Koma pamene ndinkatsanzika anandilowetsa m'nyumba, natsitsa kamtolo kamene kanali pamwamba pa khoma. Munali zidutswa ziwiri zija, zouma gwa, zotuwa, mzere wa waya wanga ukuonekabe.

Ndinamufunsa ngati akadali wokwiya nane. Anati zaka zoyamba ankandida kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti mbaleyo ikanapsa bwino. Kenako malire anatseguka, anthu anabwera, Zuze osaoneka, ndipo anayamba kuopa kuti mwina ikanang'aluka. Ndinamuuza kuti ng'anjo ali nayo pakhomo, amawotcha mlungu uliwonse, akanatha kumata zidutswazo kapena kuziponyamo momwemo nkuthana nazo. Pamenepo ndinali nditayambanso kupsa mtima, poti ine ndinataya zaka ziwiri chifukwa cha dothi limeneli, iye nkumalisunga ngati ndalama.

Anazikulunganso bwinobwino, nakwera pampando kuti azibwezere pamalo pake.

"Madamu, imwe mudaletsa moto tsiku limodzi," anatero ali chikwerere. "Masiku enawa ndiniletsa ndekha."